Kapu ya Kadontho Kofiira

A Dokotala Barragán, mkulu wa chipatala chathu. Akuluakulu a komiti. Bambo Rutilio, amuna a Mayi Femia, ndi ana anu, ndi zidzukulu zimene zayamba kale kutosa keke ndi zala uko. Anamwino, alangizi, anzanga nonse, ndakuonani. Ndipo inu Mayi Femia, khalani pansi. Khalani pansi ndithu! Lero mukupuma pa ntchito, simugawa mbale. Wina awalande sipuniyo.

Kwa amene simundidziwa, ndine Nicanor, mlangizi pachipatala pano. Andipatsa mphindi zisanu. Ndabweranso ndi kabokosi aka. Muli chinthu chimene ndakhala ndikukubisirani chifikireni pano, ndipo mantha akapanda kundigwira, nditsegula pomaliza. Koma tiyambe tawaseka kaye mayiwa.

Mayi Eufemia Arreguín anayamba ntchito kuno ku Fresno zaka makumi atatu zapitazo, anthu akwathu akutchula Edzi monong'ona. Tsiku loyamba kukayendera wodwala, anatenga galimoto ya chipatala. Ija yoyera ija, ya riboni yofiira yaikulu ngati chitseko. Anakaimika pakhomo penipeni. Analizanso hutala! Msewu wonse unasuzumira pamawindo. Bambo wodwalayo anatulukira kuseri n'kulumpha mpanda. Mayi Femia pambuyo, mapepala ali m'manja, akukuwa kuti, "Bambo, taimani! Ndi zachinsinsi!"

Musabise nkhope, mayi. Munandiuza nokha.

Koma anaphunzirapo. Kuyambira tsiku limenelo galimoto inkatsala misewu itatu kutali. Ankavala epuloni, kunyamula poto wamkulu, n'kumagogoda m'makomo ngati wogulitsa matamale, chakudya chakwathu chija cha ufa wa chimanga. Pamwamba matamale otentha m'makoko ake a chimanga, pansi mankhwala, makondomu ndi kapepala ka tsiku lokaonana ndi dokotala. Nzeru zimenezo! Vuto linali limodzi: aneba nawo anayamba kufuna matamale. Ndipo mayiwa... bambo Rutilio, ndinene kapena ndisanene? Akuti ndinene. Mayiwa kuphika ayi. Oyamba amene anaphika okha, galu anangonunkhiza n'kukawakwirira. Ndiye zaka zonsezi, matamale otchuka a Mayi Femia ankaphika ndi bambo a ndevu awo ali apowo. Bambo Rutilio, taimirirani. Inunso mwapuma ntchito lero!

Nanga mafunso awo awiri aja? Tonse timawadziwa. M'minda ya mphesa masana, azibambo atakhala pamthunzi wa lole, ukangomva "Ana anga, mwadya?" umadziwa kuti lachiwiri likubwera. Tinene limodzi: "Mwayezetsa?" Eya! Sankasankha munthu. Wansembe atabwera kudzadalitsa chipinda chatsopano chija, madzi odalitsa asanaume n'komwe, tinangomva, "Abambo, mwadya? Mwayezetsa?" Ife tinafuna kulowa pansi pa tebulo. Wansembeyo anaseka, anapinda mkono wa malaya. Lamlungu lotsatira analalikira za nkhaniyo, ndipo Lolemba mzere unafika panja.

Chabwino. Nditsegule kabokosi kaja.

Iyi ndi kapu. Kapu wamba ya khofi. Onani pansi pake, pali kadontho kofiira ka utoto wopaka m'zikhadabo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo ndinkathyola mphesa, ndikukhala kwa azakhali anga. Ndinapezeka ndi kachilombo ka HIV. Inde, ineyo. Ena tagwira ntchito limodzi zaka khumi, ndipo mukumva lero. Azakhali sanali munthu woipa, ankangochita mantha. Anaika kadontho pa kapu yanga, pa mbale yanga, pa sipuni yanga, n'kumazisunga pazokha pawindo. Ndinasiya kumwa mankhwala. Ndinkati munthu wa kapu yakeyake wafa kale, kwangotsala kumuika m'manda.

Tsiku lina masana kunagogoda mayi wa epuloni ndi poto. Azakhali anamulandira, n'kutulutsa makapu a alendo. Mayi Femia anayang'ana pawindo.

"Ine mundithirire mu iyo."

"Ayi mayi, imeneyo ndi ya mnyamatayu."

"Ndiye yabwino yake imeneyo. Nico, mwana wanga, tayamba walawa, undiuze ngati shuga wakwana."

Ndinalawa. Anandilanda kapuyo, anaika milomo pomwe ndinaika ine, anamwa mpaka kugugudiza. Kenako anati, "Muonjezere, mayi, khofi wanu ndi wokoma. Koma mnyamatayu waonda. Nico, mawa eyiti koloko ndikupeze utavala nsapato."

Palibe kapepala kamene anawerenga tsiku limenelo. Mlungu usanathe, kapu yanga inali mukabati pamodzi ndi zinzake. Azakhali ndi amene ankandikumbutsa nthawi ya mankhwala mpaka tsiku limene anatisiya.

Lero ndili ndi mkazi, ndili ndi mwana wamkazi, Yaretzi, uyo ali kumbuyoyo, ndipo onse awiri alibe kachilombo. Koma ndikuuzeni chimene chimandiwawa. Tsiku ndi tsiku ndimauza anthu muofesi mwanga kuti manyazi anapha lambe, pamene ine zanga ndakhalira. Mayi Femia sanandikakamizepo. Ankangondiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Tsiku lako lidzafika." Nditamva kuti akupuma, ndinadzifunsa kuti, nanga mnyamata wina wa kapu yakeyake, adzamugogodera ndani? Ndiye kuyambira Lolemba, poto uja ndikunyamula ndine. Ndipo pakhomo lililonse ndizinena kuti, "Inenso ndili nako, ndipo taonani mimbayi mmene ndanenepera." Bambo Rutilio, pepani, ndinafulumira kukupumitsani. Kuphika sindidziwa inenso.

Mayi Femia, zikomo. Zikomo chifukwa cha mapazi anu amene anayenda misewu itatu itatu kwa zaka makumi atatu. Zikomo m'malo mwa amene ali muno, ndi amene munawaperekeza kumanda pamene abale awo ankaopa kukhudza bokosi. Ndimakukondani, mayi, ndipo sindichita nazo manyazi.

Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwombeni kumaso. Mukasewere ndi zidzukulu, koma kukhitchini musakayandikire, ana amenewa tikuwafunabe.

Landirani kapu yanu. Kadonthoko sindinafufute.

Anzanga, taimirirani tonse. Tiwaombere m'manja mpaka amve ku minda ya mphesa! Ndipo mayi, musanakhale pansi, lero funso ndi lathu: mwadya?