Mwala wa Malire Ulowa mu Komputadori

Chibwerere komputadori ku ofesi ya milandu, dandaulo lililonse limayamba lalowa m'makina, ndipo kalaliki wake, Dona Natércia, ndi munthu woti makinawo atati gwada, angagwadedi. Lolemba lina anamufikira a Arcanjo, mlimi wa kachewere wa ku Domwe, wosamva za munthu, atasenza chimwala chimene anakwera nacho njinga njira yonse.

"Bon diya, Dona," anatero a Arcanjo, chimwala chija patebulo di! "Mboni yanga ndi imeneyi."

"Dzina la mboni?"

"Ndi mwala wa malire. Anauzika malemu bambo anga. A Flávio, oyandikana nawo munda, ausuntha, andidyera mizere isanu ndi iwiri ya kachewere."

"Ndiye si mboni, ndi dokumentu." Natércia anadina mabatani. "Masamba angati?"

"Mwala, masamba?"

"Sistema ya m'komputadorimu ikufunsa, abambo. Kabokosi aka kakatsala kopanda kanthu, mlandu sufika kwa oweruza." Anadzuka, nauzungulira mwalawo. "Pamwamba ndi pansi. Awiri."

"Iyayi, aitaneni oweruzawo adzaugwire okha."

"Oweruza sagwiranso zinthu. Amaonera pa komputadori yawo."

"Nanga dothi ili aliona bwanji?" A Arcanjo anaugadabuza. "Kunsi kuno n'kofiira, mwaona? Dothi lofiira lili pachulu pokha, pomwe bambo anauzika. Koma ine ndaupeza pa dothi lakuda, m'kati mwa munda wanga. Mlandu wonse wagona pamenepa."

"Pronto, chabwino. Ugonekeni pa galasi la makina ojambulira mapepalawa."

Anathandizana kuunyamula. Galasi linalira, koma linapirira.

"Chivundikiro sichikutseka," anatero Natércia. "Khalanipo."

"Ine, mkulumkulu wa tchalitchi, ndikhale pa makina a boma?"

"Malangizo akuti chitsekedwe. Sananene kuti ndi chiyani."

A Arcanjo anavula chipewa, nakhalapo. Kuwala kunadutsa pansi pawo, iwo atapinda manja ngati ali pa Misa.

"Epa, chithunzi chatuluka chakuda bii," anatero Natércia. "Sistema ikuti dokumentu ndi yakuda, siikuwerengeka. Tatsikani, mukapume panja pang'ono."

Pobwerera, a Arcanjo anapeza Natércia ali ndi chidebe ndi nsanza, mwala uli mbee ngati wa pamtsinje.

"Mayo ine! Dothi langa lili kuti?"

"M'chidebemu. Tsopano dokumentu yayera, sistema yailandira."

"Mwachapa mlandu wanga, mwana iwe!"

"Kwatsala funso limodzi. Dokumentu imeneyi munaipeza bwanji? Munapatsidwa, munagula, kapena munatola?"

"Kutola? Ndine wotola zinthu ine? Ndauzula ndekha ndi khasu langa, lero m'mamawa, anthu akuona! Lembani choncho."

"Momwe mwaneneramo?"

"Osachotsapo ngakhale liwu limodzi. Muikenso dzina langa lonse."

Natércia analemba, a Arcanjo nasaina ndi chala pa kagalasi monyadira. Batani linadinidwa. Nthawi yomweyo komputadori inati tii!

"Walowa?" anafunsa akumwetulira.

"Wanu walowa. Koma kwalira mlandu wina, wotumizidwa pa telefoni kuchokera kumunda. Nokha mwaona, abambo, sanavutike ndi njinga."

"Waulesi ameneyo ndani?"

"A Flávio. Akuti mwala wa malire wazulidwa lero m'mamawa, ndipo akuganizira inu."

A Arcanjo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndiye... umboni ali nawo?"

"Anali ndi foto ya dzenje yokha," anatero Natércia, akuwerenga mosamala. "Koma musadandaule, abambo. Mwawabweretsera inu, masamba awiri, osainidwa kale."