Mayi Terezinha Hilário ndi tinsomba ta ndevu zisanu ndi imodzi

Abale ndi alongo, amene tikuwaperekeza lero ndi Mayi Terezinha Hilário. Anabadwa m'chaka cha 1941 ku Ntengo-Wambalame, m'banja la alimi a mbatata ya kachewere. Anali achitatu mwa ana asanu.

Sukulu anaphunzira ku mishoni. Atakhoza kalasi yachinayi, ansembe anawasunga pomwepo kuti aziphunzitsa ana ang'onoang'ono. Mu 1962 anakwatiwa ndi a Faustino Inácio, mmisiri wa matabwa, ndipo Mulungu anawapatsa ana awiri, Tomé ndi Esperança. Mu 1977 boma linawatumiza kuno ku Furancungo, kumene agwira choko zaka zisanu ndi zinayi. Ku tchalitchi ndiwo ankachapa nsalu za paguwa. Kuimba sankatha, ndipo ankavomera okha.

Ambiri munkawadziwa ndi bokosi la galasi limene lili pakhonde pawo, lomwe iwo ankalitchula kuti akwariyo. Analisiya Mpwitikizi wina wa sitolo pochoka, ndipo kwa zaka zingapo munkasungidwa mbewu ya nyemba. Mu 1983, kutatsala sabata kuti Tomé apite ku usilikali, anatola tinsomba pansi pa miyala kumtsinje wa kuseri kwa phiri, nabwera nato m'chitini. Tinali totalika ngati chala, tamawangamawanga, tokonda kumatirira pamwala. Anafunsa dzina lake, mayi ake osalidziwa. Tomé anaseka nati, "Ndiye uprofesora wake uti, amayi? Mundisungire. Ndikabwera mudzandiuze."

Aliyense ankati ndi ana a mlamba, ngakhalenso a Faustino. Choncho anatiika m'madzi a pachitsime n'kumatipatsa gaga, poti mlamba umakhala ngakhale m'matope osadandaula. Pofika tsiku lachitatu, tisanu tinali titayandama. Malemu anatenga kamodzi kakufako, nakayang'anitsitsa ndi galasi la mandala akale, nawerenga ndevu. Mlamba uli ndi ndevu zisanu ndi zitatu. Aka kanali ndi zisanu ndi imodzi.

Kuyambira tsiku limenelo anasintha kasungidwe konse. Anaikamo mchenga ndi miyala ya kumtsinje komweko, nasunthira galasilo pamthunzi, namatidyetsa timphutsi ta pansi pa miyala. Madzi ankatunga komwekonso, m'mawa ndi madzulo, akadali ozizira, ndipo ankawathira kuchokera m'mwamba kuti achite thovu, chifukwa anaona kuti madzi akangoti bata tinsombato timapuma movutika. Tinayi tinapulumuka. Sitinakule mpaka lero, ndipo onena za mlamba aja anangoleka okha.

Nkhondo itayandikira, anthu anasiya njira ya kumtsinjeko poopa mabomba okwirira. Malemu sanaisiye. Ankaponda momwe mwadutsa ng'ombe, a Faustino ali pambuyo ndi ndowa yachiwiri. Katatu konse anajambula kansombako papepala, natumiza ku Tete ndi koluna, magalimoto operekezedwa ndi asilikali aja, kwa mphunzitsi mnzawo wokhala ndi mabuku a nsomba. Yankho silinabwere. Kalata yomaliza ya Tomé inafika mu 1984. Anzawo a ntchito anauza malemu kuti angopeka dzina lililonse la tinsombato. Anakana, nati mwana wawo anafunsa dzina lenileni. Kapepala kamene anamata pagalasi kuti adzalembepo dzinalo mpaka pano sipanalembedwe kanthu.

Esperança atathawira ku Dedza ndi ana ake, anatuma uthenga kawiri kuti makolo amutsatire. Malemu anayankha kuti ulendowo ndi wautali, madzi angafunde m'njira.

Chifuwa chinawayamba m'mwezi wa Maio chaka chino cha 1986. Mankhwala sankafika chifukwa msewu unali wotsekeka. Atalephera kuimirira, anapempha kuti mphasa yawo iyalidwe pakhonde, ndipo ali chigonere pamenepo ankadzudzula amuna awo kuti akuthira madzi ngati akuzimitsa moto. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 12 Agosto, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu.

Chiyambire maliro ano, abale akhala akufunsa a Faustino ngati tsopano apite ku Dedza. Iwo apempha kuti yankho liwerengedwe pano kamodzi, asafunsidwenso. Sapita. Madzi a m'mawa uno atunga kale. Apemphanso kuti aliyense wokwera koluna akafunseko ku Tete za yankho lija, ndipo kalata ikapezeka, ngakhale ili m'dzina la malemu, abwere nayo.

Malemu asiya amuna awo, a Faustino Inácio, mwana wamkazi, Esperança, adzukulu atatu, mng'ono wawo, Mayi Rosa, a ku Ntengo-Wambalame, ndi mwana wamwamuna, Tomé, amene tikumuwerenga pamodzi ndi amoyo.

Mayi Terezinha agwira ntchito yawo. Apumule mu mtendere.