Kampeni kopinda ndi mbereko yanga

Inu owulutsa mawu, werengani mokweza, mtima wanga ukuvina!

Chaka cholandira ufulu, amuna anga, a mumgodi ku Kitwe, anagula kampeni kopinda, mtengo wake ngati wa bulangete. Ndinakalipa: "Atate ake mwana, tifunda mpeni?" Iwo anangokaponya m'thumba.

Tsiku lina tikuchokera kuchikondwerero pa lole, ine mwana kumbuyo. Potsika pa msika wa Chisokone, mbereko inakodwa pachitsulo, lole n'kunyamuka! Otsala pamwamba akuimba, dalaivala osamva. Ine ndikukokedwa chafutambuyo, mfundo ikuthina pachifuwa, mwana wapanikizika pakati pa msana wanga ndi chitsulo, tayala likuzungulira pafupi ndi zidendene. Ndinayesa kumasula, zala zinakana.

"Amake mwana, mugwireni!" anakuwa amuna anga akuthamanga. Kampeni kanatseguka, nsalu yatsopano yolimbayo kamodzi n'kamodzi, yaduka! Mpeni wanga wa pamsika ukanangoisisita.

Ndinagwa chogwada, manja ali kumbuyo. Mwana zii. Ndinamugwedeza, zii. Kenaka analira, mayo ine, kulira kokoma, msika wonse unamva!

Omvera anzanga, mwanayo lero ali ndi imvi, akundiwiritsira tiyi kukhitchini.