Diso Lakumanzere la Amuna Anga

Zikomo aulutsi, ndiwerengereni kalatayi, koma dzina langa musatchule. Ndine mayi wa mwana mmodzi kuno ku Lizulu. Amuna anga amasewera nkhonya, m'gulu la amatupi akuluakulu aja, ndipo mphamvu anazipeza posenza matumba a kachewere pamsika.

Chaka chino anakamenyana ku Lilongwe, mnzawo anawagwetsa, anakomoka mpaka kuchita kuwanyamula. Atachira anayambanso kuthamanga m'mamawa, akuti akabwezere.

Koma ine ndinaona kanthu. Tsiku lina ndinagwada kumanzere kwawo ndi madzi osamba m'manja, ndili chigwadire pomwepo iwo n'kumakuwa, "Mayi a mwana, madzi aja bwanji?" Mawa lake ndinagwada kumanja, anandiona. Tsiku lachitatu ndinabwereranso kumanzere, nditanyamula mwana akuwasekerera. Sanatione.

Nditawafunsa anandigwira mkono. "Diso limodzi likwana. Mukakawauza akochi, mwandipha."

Sabata yonse chakudya sichinkalowa. Nkhonya yochokera kumene munthu sakuonako angaizinde bwanji? Lolemba ndinabereka mwana, ndinapita kwa akochi awo, ndinanena zonse. Masewera obwezera aja anawalepheretsa tsiku lomwelo.

Amuna anga sanandikalipire, bola akanatero. Anangoti, "Basi, anthu adzandikumbukira ndili chigonere pansi paja." Mwezi watha tsopano, amayankhula ndi mwana yekha.

Amayi anzanga omvera, ndinalakwa kodi? Ndinangofuna mwana wanga akule ali ndi bambo. Koma akamamuseketsa mwanayo, ine ndikangolowa m'nyumba, kuseka kumatha.