Mlendo amene tinamuika pafupi ndi amayi

Ayi Tadala, si mawu otukwana. Komanso si mawu oyamikira nthawi zonse. Wati mwana wa ku Tchainayo wapeza matanthauzo awiri m'buku lake lomasulira mawu? Eya, bukulo silinaname. Ine sukulu sindinapondeko, koma mawu amenewa akuti nashonalisiti ndinawalawa mbali zonse ziwiri. Khala bwino mdzukulu wanga, ulembe. Usakonze ayi, ulembe momwe ndikuyankhuliramu. Ukatha uike pagulu lathu la pafoni, pomwe anayankhulira amalume ako a Mateyu, kuti onse amve.

Moni abale ndi alongo, a kuno ku Bembeke ndi a m'tauni. Moni iwe Yamikani mdzukulu wanga, uli pasukulu ku Tchaina uko. Moni kwa mtsikana amene ukufuna kumanga naye banja. Dzina lake lilime langa likukana, ndiye ndizingoti mwana wanga. Ambuye atamandike!

Ndamva zonse. Ndamva kuti Mateyu, mwana wanga woyamba, wakana unkhoswe. Akuti iye ndi nashonalisiti, sangaimire ukwati wa mwana wa mlongo wake ndi mlendo. Ndamvanso kuti mtsikanayo, poti akuphunzira Chingerezi, wafufuza mawuwo, waopa, akufuna kulephereza ulendo wobwera kuno. Ndiye mverani umboni wanga.

Amuna anga anali a Zuze. Anabadwira tsidya, ku Mozambiki, nthawi imeneyo tinkati kwa Apwitikizi. Tsidya lakelo si kutali, munthu umapita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanapendeke. Chiyankhulo chimodzi, magule amodzi. Anabwera kwathu chikamwini, ankalima dimba lathu la kachewere m'mbali mwa mtsinje. Nthawi ya Chitaganya iwo ndiwo anali patsogolo kuimba za ufulu. Anamenyedwa. Anamangidwa. Anabwerako mano akutsogolo atatsala komweko. Aphunzitsi ena anawakweza mkono pagulu, amvekere, "Uyu ndiye nashonalisiti, munthu wokonda dziko!" Ine nthungululu, abale! Mawuwo sindinkawadziwa, koma anandikomera.

Ufulu unabwera. Patapita zaka, mawu omwe aja anandilowera pakhomo ndi nkhope ina. Mlongo wanga weniweni, Fabiano, bere limodzi, analowa m'kagulu ka anyamata oyenda m'midzi kufunsa kuti wobadwira kuno ndani, wobwera ndani. Nawonso ankadzitchula dzina lomwelo. Tsiku lina anatipeza kudimba tikukumba kachewere, Mateyu ali kumsana kwanga.

Fabiano anati, "Alamu, ikani khasulo pansi. Dziko lino lili ndi eni ake."

A Zuze anaseka, ankayesa ndi macheza a pachilamu. Anayasamula kumuonetsa magweru aja, amvekere, "Nanga mano angawa ndinasiyira dziko liti, alamu?"

Fabiano sanaseke. Sanaseke, abale. Anawaperekeza mpaka pamalire ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni. Ine pambuyo ndikukuwa, mwana akukuwa. Anthu anangoima m'makomo kuyang'ana. Aliyense ankaopa.

Poyamba a Zuze ankabwera pamalirepo. Iwo tsidya, ine kuno, ndikukweza mwana m'mwamba kuti amuone mmene wakulira. Kenako nkhondo ya Apwitikizi inakula kumeneko. Anasiya kubwera. Ndinadikira, ndinadikira. Uthenga unadzabwera ndi mayi wina wogulitsa nyemba, akuti amuna anu aja anamwalira, maliro anaika kale. Anaika kale! Manda awo sindinawaone mpaka lero lino.

Ndinafuna kulira maliro pakhomo monga amachitira aliyense. Fabiano anati pano sitilirirapo mlendo. Panalibe wobwera kudzakhuza. Panalibe nyimbo. Ngakhale kumeta sindinamete. Ndinkakalirira kudimba, chitenje ndaluma, kuti anthu asamve. Ndikalowa m'tchalitchi ndinkaona Fabiano kutsogolo akuimba ndi mawu ake okoma aja, pemphero n'kundiuma pakhosi. Ndinkangoti, Ambuye muli kuti? Muli kuti Ambuye? Zaka ndi zaka, pemphero langa linali lomwelo basi.

Tadala, pukuta m'masomo, ulembe. Sindinathe.

Ndiye tsidya kunabukanso nkhondo ina, ya okhaokha. Anthu anakhamukira kuno, mitolo pamutu, ana m'manja. Inu akuluakulu mukukumbukira. Pakati pawo panali nkhalamba ina, mapazi otupa, ikufunsa dzina langa khomo ndi khomo. Apongozi anga! Amayi awo a Zuze! Atandipeza anangoti, "Mwana wanga, ndilibe kwina." Ndinawasambitsa, ndinawafunditsa bulangete langa. Iwe Mateyu unali utakula, ndevu zitayamba. Anakugwira kumaso ndi manja onse awiri, amvekere, "Zuze wanga uyu." Waiwala?

Sanakhalitse. Anamwalira nthawi yozizira, chifunga chili tolo m'mapirimu. Apa nkhani inavuta. Tiwaike kuti? Kwawo kuli mfuti. Manda a kwathu ndi a mbumba yathu, munthu sangokumba pomwe wafuna. Adzukulu okumba manda anakhala pansi ndi makasu awo, kudikira mwini mbumba kuti aloze malo. Mwini mbumbayo ndani? Fabiano yemwe uja. Mtima wanga unati basi, lero atiuza kuti tikawataye kutchire.

Anabwera, mutu uli mbuu ndi imvi. Sanapereke moni kwa munthu. Analanda khasu kwa mmodzi wa okumba aja, n'kuyamba kuyenda. Ife pambuyo. Anadutsa kumphepete konse, sanaime. Analowa mkati mwenimweni, mpaka pamanda a amayi athu otibereka. Anatema pansi pambali pake, kamodzi. Anati, "Apa. Mwana wawo ndinathamangitsa ndine. Mayi ake agone pafupi ndi amayi anga." Khasu linamugwa m'manja, munthu wamkulu n'kukhala pansi padothi, kulira ngati kamwana.

Abale ndi alongo, tsiku limenelo ndinalira maliro awiri. Mokweza! Osaluma chitenje! Ndinatchula dzina la a Zuze mudzi wonse ukumva, amayi anzanga n'kundilandira kulirako. Tsiku lometa ndinametera anthu awiri. Lamulungu lotsatira ndinagwada m'tchalitchi, pemphero linatuluka lokha. Ambuye anandiyankha mochedwa, koma anandiyankha, ndipo anayankhira m'dzanja lomwe lija linandipweteka. Alemekezeke!

Lero ndili pano. Maso akuchepa, mawondo akudandaula, koma kumphakati ndimapita ndi ndodo yanga. Dimba lija likadalipo, ana akulima. Fabiano anatisiya, koma tinali titayamba kale kudyera mbale imodzi. Ndikuthokoza Mulungu pa zonsezi.

Ndiye iwe mwana wanga wa ku Tchaina, wafunsa tanthauzo, nali. Wina amakonda dziko lake mpaka kulisiyira mano. Wina amalikonda pothamangitsa anzake. Onse awiri dzina ndi lomwelo. Ukamva munthu akudzitchula choncho, usafulumire kuomba m'manja, usafulumirenso kuthawa. Uyambe waona zomwe amachita mlendo akaima pakhomo pake. Ndipo iweyo usamangomutchula nalo munthu dzinali, ena amakondwa nalo, ena amakwiya nalo. Koma dziwa ichi, wothamangitsa uja amatha kutembenuka. Ndinaona ndi maso angawa.

Tsopano iwe Mateyu. Bokosi la agogo ako unanyamula nawo, dothi unathira nawo. Ukamati mlendo, ukunena bambo ako okubereka. Lero mwini mbumba ndiwe, khasu lija lili m'manja mwako. Unkhoswe uwu uima. Ukakana, ndikaima ine ndi ndodo yangayi, anthu aseke kuti mbumba ya kwathu yasowa mwamuna.

Mwana wanga, bwera. Utenge juzi yokhuthala, kuno ku Dedza kumazizira. Ukafika ndikakuonetsa pomwe agona amayi awiri aja.

Walemba zonse Tadala? Za amalume akozo usafufute ayi, ndakuona chala chikunjenjemera. Akakwiya akwiyire ine. Thamanga ukakwere pachulu paja pamagwira netiweki, utumize pompano, mwana wa eni asanamasule chikwama.