Nyenje za M'makutu Mwanga ndi Thumba la Mtedza wa Apongozi

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye, inu amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, ngakhale ambiri sitinaonanepo maso ndi maso. Lero sindinabwere ndi vesi, ndabwera ndi nkhani yanga. Ine ndine mayi a Takondwa, ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika wa pa boma pano pa Mchinji. M'makutu mwanga mumalira chinthu chimene wina aliyense sachimva. Chimalira ngati nyenje za m'chilimwe, osapuma, ndipo pamene ndikulemba pano chikulira. Chinthu chimenechi chinangotsala pang'ono kundilanda mwana wanga mmodzi yekhayo.

Amuna anga anali a kabaza wa njinga yamoto. Tsiku lina m'mawa ananditenga kukapikula tomato kumadimba, cha ku Kachebere. Pobwerera, ine ndili kumbuyo ndi dengu langa, tayala la lole imene inkatipitirira linaphulika pafupi penipeni ndi ife. Chimene ndimakumbukira ndi kuphulikako basi. Ndinatsitsimukira m'chipatala, mutu uli m'bandeji, m'makutu mukulira. Nditafunsa za amuna anga, anamwino anangoyang'anana. Bambo a Takondwa anali atamwalirira pamsewu pomwepo. Choncho phokosoli linalowa mwa ine tsiku lomwe iwo anandisiya.

Ondidziwa angakuuzeni kuti ine si munthu wachete. Malemuwo ankandiseka kuti ndikaitana kasitomala pabenchi panga, minibasi za ku Lilongwe zimaima poyesa kuti ndine kondakitala. Koma pamaliro awo ndinalephera ngakhale kulira bwino, chifukwa ndikakweza mawu mutu wonse unkalira nane limodzi.

Maliro atatha, abale ananditengera kwathu ku Mavwere, pakuti wofedwa sakhala yekha. Ndikufuna ichi chimveke bwino: abale anga anandikonda, ndipo zonse anachita anazichita mwa chikondi. Kwathu wodwala timamupatsa bata. Ndiye anandipatsa kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, kutali ndi mtondo, kutali ndi ana. Wayilesi anaichotsa. Tambala wina amene ankakonda kulirira pafupi ndi zenera langa anasanduka ndiwo sabata yomweyo. Azakhali anga anandithira mafuta a nsatsi m'makutu n'kutsekamo thonje. Takondwa, amene anali Sitandade 4 ndipo ankaimba ngakhale posamba, anamuuza kuti akafuna amayi ake achire asamachite phokoso.

Odzandizonda ankalankhula monong'ona, ndipo onse funso lawo linali limodzi: "Zikulirabe?" Ine kuti ndiwayankhe ndinkayamba ndamvetsera, ndipo ndikamvetsera ndinkapeza kuti zikulira kuposa dzulo. M'kanyumba muja munalibe china choti khutu limve. Munali ine ndi nyenje zanga basi.

Tsiku lina mayi wina wachikulire, akutuluka m'nyumbamo, anauza azakhali anga panja poganiza kuti thonje lija landitseka. "Paja khutu likalira ndiye kuti wina akukutchula. Nanga uyu lakhala likulira chimwalirireni mwamuna wake, akumutchula ndani? Malemu akumuitana ameneyu." Abale anga, ine ndine mkhristu, ndinabatizidwa ndili mtsikana, koma mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Kuyambira pamenepo phokoso lija likakwera, ndinkati basi nthawi yanga yakwana.

Kuchipatala ndinapitako. Adokotala anandiunika m'makutu n'kunena kuti mulibe mafinya, mulibe chotupa, koma kuphulika kuja ndi kumenyetsa mutu pansi zinavulaza m'kati. Anati mankhwala ozimitsiratu phokosolo palibe. Analankhulanso zina zambiri, mofatsa ndithu, koma ine ndinangotola mawu awiri okha: palibe mankhwala. Zotsalazo ndinazisiya pampando pomwepo.

Ndinabwerera m'kanyumba kanga n'kutaya mtima. Tulo tinathawa. Chakudya ndinkangochiyang'ana, koma tiyi wa masamba ambiri ndinkamwa m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinaonda mpaka chitenje chinkandizungulira kawiri. Takondwa anayamba kujomba kusukulu kuti azindiyang'anira, ndipo ankayenda monyang'ama m'nyumba ya mayi ake ngati wakuba.

Umu ndi mmene anatipezera achimwene anga a Fanuwelo, amene amakhala kutsidya kwa malire, ku Zambia. Iwo ndiwo mwini mbumba kwathu, atsibweni ake a Takondwa. Anandipeza nditakhala pakona, mutu nditaukulunga chitenje, mwana ali pakhomo tsitsi losapesa. Kenako anati, "Mlongo wanga, mwanayu ndimutenga. Teremu ikangotha ndibwera. Iwe panopa sungathe kusamala munthu." Sananene mwankhanza, misozi inali m'maso mwawo. Kwathu mawu a atsibweni a mwana sabwezedwa wamba, komanso ine ndikanabweza ndi chiyani? Zimene ankanena zinali zoona.

Achimwene atachoka, Takondwa anabwera pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Amayi, ndikamakhala chete kwambiri sanditenga eti?" Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero. Ndinagwada pansi pomwepo n'kuuza Mulungu kuti, mwanditengera mwamuna ndipo sindinakufunseni chifukwa, koma mwanayu ayi. Zimitsani chinthuchi kuti ndikhale mayi. Ndinapemphera tsiku ndi tsiku, azimayi a kumpingo kwathu anabwera kudzandithandiza kupemphera, koma nyenje sizinasiye ngakhale pang'ono. Ndinkaona ngati kumwamba nako atsekako thonje.

Yankho linabwera pa njinga yakapalasa, mvula itayandikira. Anali apongozi anga aakazi, aNaphiri, mayi awo a malemu. Ine ndi iwo sitinkamvana kwenikweni. Iwo ankati ndimalongolola, ine ndinkati ndi ovuta, ndipo tonse tinkanena zoona. Pamaliro sanandiyang'ane nkomwe, ndiye ndinkakhulupirira kuti amandida chifukwa mwana wawo anafera pa ulendo wa tomato wanga. Nditamva mawu awo panja, ndinati abwera kudzandimaliza.

Anakankha chitseko osaodira nkomwe. "Muno mwafanso munthu wina?" anatero ndi mawu okweza, mawu oyamba okweza amene nyumbayo inamva chilowereni ine. "Amake Takondwa, tulukani. Ine sindinabwere kudzazonda, ndabwera ndi ntchito. Mtedza uwu anasiya mwana wanga kuti ukhale mbewu. Mvula ili pafupi, ndiye ndiuswe ndekha inu muli moyo?"

Azakhali anga anathamanga kudzawauza kuti wodwalayu safuna phokoso. Iwo anangondiyandikira, n'kuzula thonje lija m'makutu mwanga ndi zala zawo, n'kuliponya panja. Anandikokera pansi pa mtengo wa mango, anakhuthula thumba la mtedzalo pamphasa, n'kuitana azimayi oyandikana nawo ndi ana onse amene anali akuthamangitsidwa pakhomopo. Inu alimi mukudziwa kuti mtedza wa mbewu timaswa ndi manja kuti usasweke pakati, ndipo si ntchito yoti munthu n'kuigwira ali chete. Makoko anayamba kuthetheka, wina akupeta m'lichero, wina akudandaula za mbuzi za mnzake, nkhuku zikulimbirana zogwa pansi. Apongozi anauza Takondwa kuti, "Iwe, imba kanyimbo kaja ankakonda bambo ako." Mwanayo anayamba wandiyang'ana kaye mwamantha, ndipo anaimba motsitsa.

Poyamba ndinkangofuna kuthawira m'nyumba. Koma mayi wina anatenga madzi kuti awaze pamtedzawo makoko afewe, ndipo ine ndinapezeka ndakuwa kuti, "Mbewu ya amuna anga musainyowetse, mukufuna ichite chuku?" Tinakangana ndithu, ena kundivomereza, ena kunditsutsa, apongozi akungoswa mtedza wawo osalowererapo. Dzuwa litapendeka, thumba litafika pakati, m'pamene ndinadzidzimuka. Nthawi yonse ya mkangano uja sindinazimve nyenje zija. Nditangozikumbukira zinabwerera zonse, koma ndinali nditaona ndi mtima wanga kuti zingathe kuiwalika.

Anthu atabalalika ndinawauza apongozi. Sanadabwe. "Zanga zinayamba chaka chimene ndinadwala malungo aakulu, mwamuna wanuyo ali kumsana," anatero. "Mpaka lero zilipo."

"Amayi, bwanji simunanenepo zaka zonsezi?"

"Ndinene kuti anthu azindifunsa m'mawa uliwonse? Chimenechi chimanenepa ndi kuchimvetsera. Inu anakutsekerani nacho m'nyumba ngati akuweta nkhumba."

Ndinawauzanso za mayi uja amene anati malemu akundiitana. Anataya khoko limene linali m'manja mwawo. "Mwana ameneyo ndinabereka ndine, ndikumudziwa. Akuitaneni inu, ndiye mwana wakeyu amusiyire yani?" Anandiuza kuti pamaliro sanandiyang'ane chifukwa akanandiyang'ana ndi bandeji ija akanagwa pansi. Tinalira awiriwiri pamulu wa makoko, ndipo kanali koyamba kuti ndilire amuna anga mpaka misozi kutha.

Musaganize kuti m'mawa mwake ndinadzuka wochira. Maso a nkhono timawaona ndi kudekha. Ndinabwerera kuchipatala kukapempha adokotala aja kuti abwereze zimene ndinazisiya pampando, ndipo anabwereza osanyinyirika. Zinali zomwezo za apongozi: osatseka makutu, osathira kanthu m'makutu, osadzitsekera pa zii. Anati ubongo umazolowera phokoso limene wasiya kuliopa, monga mmene anthu okhala m'mbali mwa msewu amagonera magalimoto akudutsa. Wayilesi ndinaibweza, ndipo ndimaisiya ikulankhula motsitsa pogona. Tiyi uja ndinachepetsa chifukwa ankandilanda tulo, ndipo ndikapanda kugona phokoso limakwera. Ndinayamba kuyenda, kudya, kupalira mtedza uja utamera. Phokoso lalikulu lokha ndimalipewa: kuchigayo ndimatuma ena, ndipo kutchalitchi ndimakhala kutali ndi masipika. Chovuta kwambiri chinali kupempha abale anga kuti asiye kundifunsa ngati zikulirabe. Azakhali anakhumudwa, ankaona ngati ndikukana chikondi chawo.

Panali masiku ena oipa, oti ndinkafuna kubwerera m'kanyumba kaja. Koma ndikaona Takondwa atanyamula mabuku ake, ndinkakumbukira kuti teremu ikutha. Ndinabwerera pa boma, ndinatsegulanso benchi langa, ndipo msika ndi phokoso lake unandilandira ngati sindinachokepo.

Achimwene anabwera monga ananenera. Anafikira kumudzi, anapeza kanyumba kaja muli matumba a chimanga, ndipo anatilondola kumsika. Sindinawaone akufika, chifukwa ndinali pa mkangano ndi bambo wina amene ankafinya tomato wanga mmodzimmodzi ngati akusankha mkazi. Takondwa anali pambali panga, tsitsi lopesa, akulongedza anyezi uku akuimba. Nditatembenuka ndinawaona ataima ndi chikwama chimene anabweretsa choti aikemo zovala za mwanayo.

"Mlongo, zasiya?" anandifunsa.

Abale, ndinachita kuima kaye n'kumvetsera kuti ndiwayankhe. "Zilipo, achimwene," ndinatero. "Koma inenso ndilipo."

Anayang'ana ine, anayang'ana mwana, kenako anatsegula chikwama chija n'kunena kuti ndiwathiriremo anyezi. Anabwerera ku Zambia ndi anyezi, mwana anamusiya.

Sindikubisirani, tsiku loyamba limene ndinatha tsiku lonse osalikumbukira phokosoli ndinalira kwambiri. Phokosolo linali chinthu chomaliza chimene ndinatsala nacho cha tsiku limene ndinakwera njinga kumbuyo kwa amuna anga, ndipo ndinaona ngati poliiwala ndikuwaiwalanso iwo. Chisoni chimenecho sichinathe, ndipo mwina sichidzatha. Koma ndikuthokoza Mulungu amene sanazimitse nyenje monga ndinamupemphera, m'malo mwake ananditumizira munthu amene ndinkamuopa, atanyamula thumba la mtedza. Chimene ndinalirira kwenikweni chinali mwana, ndipo mwanayo anandipatsa.

Inu amene m'makutu mwanu mukulira, pitani kuchipatala akakuoneni, ndipo mukamvetsere mpaka adokotala atamaliza kulankhula. Palibe amene akukuitanani kumanda. Musataye mtima ngati pemphero lanu likuoneka ngati silikuyankhidwa, pitirizani kugogoda. Inunso amene mukudwazika munthu wotere, chonde musamubisire wayilesi, musamuthamangitsire ana.

Pamene ndikumaliza kulemba, nyenje zanga zikulira monga mwa masiku onse. Koma kuseri kwa nyumba Takondwa akutsuka mbale uku akuimba kanyimbo ka bambo ake kaja, mokuwa, mophonya mawu ngati mmene ankaphonyera eni ake. Sindimuletsa, ndipo palibe amene adzamuletsenso. Ambuye alemekezeke.