Chinkhwe Chotopa ndi Mtedza

Pamzere wogula mtedza mumsika wa ku Kisangani, Papa Likunde anayamba kudandaulira mayi wina wosamudziwa.

"Mama, chinkhwe changa chindithetsera banja. Mkazi wanga akangopakula, chimakuwa ndi mawu anga enieni kuti, 'Chigwadanso lero?' Akuti ndisankhe, iye kapena mbalameyo."

"Nanga inu mumanenadi zimenezo?"

"Pansipansi, akatuluka."

"Chinkhwecho mumachipatsa chiyani m'mawa?"

"Mtedza."

"Madzulo?"

"Mtedza womwewo."

"Papa inu! Chipatseniko papaya, magwafa, chimanga chachiwisi, zipatso za kanjedza zija. Chidzathothoka nthenga chimenecho."

"Ndiye chisiya kundiulula?"

"Chikuululeni chifukwa chiyani? Chikudandaula zake icho. Inu pachigwadapo amakuikiraniko kansomba. Mnzanuyo ndi mtedza wokhawokha chaka chonse!"